Wofuna agogo a ku Ireland ayambe wadziwa malire akale

Akonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu kuti tithandize mabanja ena kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota. M'mbali mwa nyanja muno muli anthu amene agogo awo aamuna anali azungu. Ena mwa azunguwo anabwera ndi njanji imene inafika ku Salima mu 1935, ena ankagula thonje ndi mpunga, ena anali antchito a boma la atsamunda. Pakati pawo panali ochokera ku Ireland, ngakhale kuno onse ankangotchedwa Angelezi, poti mpaka 1922 chilumba chonsecho chinali pansi pa ufumu wa Britain. Lero zidzukulu zikufuna kudziwa kwawo kwa munthuyo. Ambiri amalemba dzina la agogo pa Google kapena pa Facebook n'kumadikira kuti munthu atulukira, ndipo akalephera amati mabuku onse anapsa. Vuto silikhala limenelo. Mabuku a ku Ireland anasanjidwa motsata malo, ndipo malo amodzi omwewo anali ndi malire a mitundu ingapo, a boma, a mpingo, a kalembera, aliwonse ndi mabuku ake. Wosadziwa malire a chaka chimene akufufuza amatsegula buku la eni ake.

Za unzika tinenerethu kuti wina asataye ndalama. Kaundula wa Foreign Births Register, wolembetsera unzika wa Ireland kwa obadwira kunja, amene amasungidwa ndi unduna woona za maubale ndi mayiko ena ku Dublin, amalandira munthu amene mmodzi mwa agogo ake obereka bambo kapena mayi anabadwira pa chilumbacho, kumpoto kapena kummwera. Ngati wobadwira kumeneko ndi agogo a makolo anu, khomo ndi lotseka pokhapokha kholo lanu linalembetsa inu musanabadwe. Amafuna setifiketi ya boma ya kubadwa kwa agogowo ndi mapepala olumikiza m'badwo uliwonse kufikira pa inu. Ofesi ya kazembe wa Ireland ili ku Lilongwe kuyambira 2007, ndipo za mapepala ndi malipiro kafunseni kumeneko nokha. Wolonjeza pasipoti pakhonde la sitolo musamupatse ngakhale tambala.

Ntchito yeniyeni imayambira m'nyumba mwanu. Fufuzani m'masutikesi ndi m'mabokosi a agogo aakazi: kalata, envelopu imene chidindo cha positi ofesi chikuwerengeka, chithunzi cholembedwa kumbuyo, buku la mapemphero, pepala la usilikali. Ngati munthuyo anafera kuno, pitani kumanda mukawerenge mwala. Mukufuna zinthu zinayi: dzina lonse, chaka choyerekeza cha kubadwa, mpingo wake, ndi dzina la malo aang'ono kuposa county, chigawo cha dziko chonga boma kuno kwathu. Koperani chilembo ndi chilembo monga mwachionera, musakonze kalembedwe ngakhale kakuoneka kolakwika, chifukwa cholakwikacho chikhoza kudzakhala chimene chikugwirizana ndi buku lina. Lamulo la kuno kwathu la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa ndi imfa kwa anthu osakhala Afirika okha, choncho imfa ya mzungu kuno inalembedwa, ndipo muyenera kufunsa kwa Registrar General ku Blantyre ndi ku National Archives ku Zomba. Wa boma dzina lake linkatuluka mu gazeti akalembedwa ntchito, akasamutsidwa kapena akapita kutchuthi.

Tsopano za malire. Ireland ili ndi ma county 32. 26 ali m'dziko la Ireland la lero, ndipo 6, omwe ndi Antrim, Armagh, Down, Fermanagh, Londonderry ndi Tyrone, ali ku Northern Ireland. Koma kudziwa county yokha sikukufikitsani patali. John Murphy wa ku Cork alipo wochuluka moti simungasankhe. Chimene chimamanga kafukufuku ndi kachigawo kochedwa townland. Si tauni ayi; ndi kadera ka minda ndi nyumba zingapo, monga mudzi wa nyakwawa imodzi kuno kwathu. Ma townland alipo oposa 60,000, ena a maekala ochepa chabe, ena a m'mapiri oposa maekala 7,000. Malire ake anayezedwa n'kukhazikitsidwa pa mapu m'zaka za m'ma 1820 mpaka 1840, ndipo kuyambira pamenepo sanasinthe kwenikweni. Malire ena onse akuluakulu anamangidwa pophatikiza ma townland. Mukagwira townland, mwagwira chingwe chokokera zina zonse.

Pali buku la boma lotchedwa General Alphabetical Index to the Townlands and Towns, Parishes and Baronies of Ireland, lochokera pa kalembera wa 1851 ndipo linasindikizidwa mu 1861. Pa mzere umodzi limakupatsani dzina la townland, nambala ya pepala la mapu, maekala, county, barony (chigawo cha county), ndiponso civil parish ndi Poor Law Union zimene tifotokoze kutsogoloku. Zambiri mwa zimenezi mungazipeze pa townlands.ie, ndipo kalembedwe kosiyanasiyana ka dzina limodzi kali pa logainm.ie. Lembani mzere wonsewo pamwamba pa tsamba la kope lanu musanachite china chilichonse. Chenjerani ndi mayina obwerezabwereza. Newtown, Ballybeg ndi Glebe amapezeka m'ma county ambiri, ndipo parishi yotchedwa Kilmore ili ku Wexford, ku Cavan, ku Armagh, ku Down ndi ku Mayo komwe. Dzina likatuluka kangapo, lembani onse, kenaka muzichotsa limodzilimodzi poona kumene dzina la banja lanu linkapezekadi.

Apa pakubwera pamene ambiri amagwa, ndipo tipempha owerenga adekhe. Liwu loti parishi ku Ireland limaimira zinthu zitatu zosiyana. Pali civil parish, zomwe zilipo pafupifupi 2,500. Zimenezi zinachokera ku maparishi akalekale a mpingo, koma boma linazitenga kukhala magawo ake owerengera msonkho ndi kuyeza malo. Pali parishi ya Church of Ireland, mpingo wa Angilikani umene unali mpingo wa boma mpaka 1871; malire ake nthawi zambiri amatsata civil parish, ngakhale m'madera amene akhristu ake anali ochepa maparishi angapo ankaphatikizidwa pansi pa m'busa mmodzi. Ndiye pali parishi ya Katolika, imene inayenda njira yakeyake. M'zaka zimene malamulo ankapondereza Akatolika, ansembe anachepa ndipo wansembe mmodzi ankasamala dera lalikulu. Ufulu utabwerera m'zaka za m'ma 1800, maepiskopi anadulanso malire motsata kuchuluka kwa anthu ndi matchalitchi atsopano. Zotsatira zake n'zakuti parishi imodzi ya Katolika ikhoza kumeza ma civil parish awiri kapena atatu, kapena civil parish imodzi kugawika pakati pa maparishi awiri a Katolika. Mayinanso amasiyana. Tauni ya Westport ku Mayo ili mu civil parish ya Oughaval, ndipo mabuku a Katolika mumawapeza pa dzina la Aughaval. Castlebar ili mu Aglish. Ballina ili mu Kilmoremoy. Munthu wofunafuna dzina la tauni pa mndandanda wa maparishi akhoza kubwerera manja lendelende pamene bukulo lili pomwepo.

Cholumikiza civil parish ndi parishi ya Katolika ndi buku la Samuel Lewis la 1837, Topographical Dictionary of Ireland. Pa civil parish iliyonse limafotokoza kuti m'magawo a Akatolika deralo linali pansi pa parishi iti ndiponso tchalitchi chinali pamudzi uti. Kumbukirani kuti likunena za 1837. Ngati mukufufuza 1870, malire akhoza kukhala atasuntha. Mukadziwa parishiyo pitani pa registers.nli.ie, pamene National Library of Ireland inaika mu 2015 zithunzi za mabuku a ubatizo ndi ukwati a maparishi a Katolika oposa 1,000, kufikira cha m'ma 1880, kwaulere. Pali mapu oonetsa parishi iliyonse ndi zoyandikana nazo, ndiponso zaka zimene buku lililonse likuyambira ndi kuthera. Yang'anani chaka choyambiracho mosamala. M'matauni monga Dublin, Cork ndi Waterford mabuku ena amayambira m'ma 1700, koma kumadzulo, ku Mayo ndi Donegal, ambiri amayamba mochedwa, ena kupyola 1850. Buku likayamba mochedwa pali zifukwa ziwiri: mwina kale sankalemba, kapena parishiyo inabadwa podulidwa ku ina. Ngati ndi chachiwirichi, maubatizo akale ali m'buku la parishi imene inabereka inzakeyo. N'chifukwa chake timalangiza kuti mukalephera mu parishi imodzi, muwerenge zonse zogundana nayo malire musanagwe ulesi. Ukwati nthawi zambiri unkachitikira ku parishi ya mkazi, ndipo ubatizo unkachitika masiku ochepa mwana atabadwa.

Mabuku ambiri a Katolika ali m'Chilatini. Dzina la banja silitembenuzidwa m'Chilatini, koma loyamba limatembenuzidwa: James ndi Jacobus, William ndi Gulielmus, John ndi Joannes, Denis ndi Dionysius, Bridget ndi Brigida. O ndi Mc za kumayambiriro kwa dzina la banja zimalowa ndi kutuluka, moti Brien ndi O'Brien akhoza kukhala bambo ndi mwana wake. Lembaninso mayina a makolo a ubatizo ndi mboni za ukwati. Amenewa amakhala abale kapena oyandikana nawo nyumba, ndipo ndi amene amasiyanitsa mabanja awiri a dzina limodzi m'parishi imodzi.

Ngati agogowo sanali Akatolika, njira isintha. Mabuku a maparishi pafupifupi 1,000 a Church of Ireland anapsa pa 30 June 1922, pamene nyumba yosungira mabuku a boma, Public Record Office ya ku Four Courts ku Dublin, inaphulika pa nkhondo yapachiweniweni. Otsala ambiri ali ku laibulale ya mpingowo, Representative Church Body Library, ku Dublin, kumenenso kuli mndandanda woonetsa lomwe linapulumuka ndi lomwe linatayika. A Presbyterian, omwe anali ochuluka kumpoto, analibe malire a parishi. Banja linkatha kudumpha tchalitchi chapafupi n'kumapemphera kutali. Mabuku awo funsani ku PRONI, ofesi yosunga mabuku akale a ku Northern Ireland, ku Belfast. Moto wa 1922 unawonongadi zambiri, kuphatikizapo kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851. Koma mabuku a Katolika sanali m'nyumbayo, kaundula wa boma wa kubadwa, ukwati ndi imfa sanali m'nyumbayo, ndipo kalembera wa 1901 ndi 1911 alipo wathunthu. Wokuuzani kuti zonse zinapsa sanayesepo n'komwe.

Kwa ife kuno, maganizo athu ndi akuti musathamangire mabuku a mpingo. Mzungu amene anali ku Domira Bay kapena ku Kota Kota pakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu ayenera kuti anabadwa pakati pa 1870 ndi 1915, ndipo nthawi imeneyo boma linali litayamba kulemba. Maukwati osakhala a Katolika anayamba kulembedwa mu April 1845, ndipo kuyambira pa 1 January 1864 kubadwa, ukwati ndi imfa za aliyense. Pa irishgenealogy.ie mumaona kwaulere zithunzi za kubadwa kopyola zaka 100, maukwati opyola zaka 75 ndi imfa zopyola zaka 50. Pepala la kubadwa limatchula tsiku, malo, dzina la bambo ndi kumene ankakhala, ntchito yake, ndi dzina la mayi la kwawo. Pamalo pokhala bambo ndi pamene pamalembedwa townland. Pepala la ukwati limatchula abambo a onse awiri. La imfa ndi losauka, silitchula makolo.

Koma kaundulayu ali ndi malire akeake, osatsata parishi kapena county. Mu 1838 boma linagawa dziko m'magawo otchedwa Poor Law Union, lililonse lozungulira tauni ya msika imene munamangidwa nyumba yosungiramo amphawi. Poyamba analipo 130, ndipo njala yaikulu ya mbatatesi ya 1845 mpaka 1852 itavuta anawonjezedwa kufika 163. Magawo amenewa ndiwo anasanduka maboma olembetsera kubadwa ndi imfa. Popeza anatsata msika, ambiri amadumpha malire a county. Gawo la New Ross lili ndi mbali za Wexford, Kilkenny ndi Carlow. La Carrick-on-Suir limakhudza Tipperary, Waterford ndi Kilkenny. La Strabane linali ndi mbali ya Tyrone ndi mbali ya Donegal. Tsono mukaona pa mndandanda kuti mwana analembetsedwa ku Strabane, sizikutanthauza kuti anabadwira m'tauniyo, mwinanso sanabadwire n'komwe mu county imeneyo. Ambiri amataya munthu wolondola chifukwa dzina la gawolo silikugwirizana ndi county imene anamva kwa agogo. Tsegulani chithunzi chenichenicho muwerenge townland. Dziwaninso kuti chithunzi chaulerecho si setifiketi. Yofunika ku unduna imaitanitsidwa ku General Register Office, imene likulu lake lili ku Roscommon, ndipo za ma county 6 a kumpoto kuyambira 1922 zili ku GRONI, ofesi yonga yomweyo ya kumpoto, ku Belfast.

Tsiku lobadwa lisakusokonezeni. Kuchedwa kulembetsa mwana kunali ndi chindapusa, choncho makolo ena ankasuntha tsikulo kulibweretsa pafupi. Mukapeza kuti mwana anabatizidwa mu January koma boma likuti anabadwa mu March, ndi mwana yemweyo, ndipo tsiku la ubatizo ndilo lili pafupi ndi zoona.

Kalembera wa 1901 ndi wa 1911 ali kwaulere ku National Archives of Ireland, ndipo nayenso ali ndi gawo lake lotchedwa District Electoral Division. Dzina lake limatha kufanana ndi la parishi koma malire ali osiyana. Pepala la banja, Form A, limatchula aliyense amene anagona m'nyumbamo usiku wa kalembera, zaka, mpingo, ntchito ndi county yobadwira. La 1911 limawonjeza zaka za ukwati, ana amene anabadwa ndi amene adakali moyo. Musaiwale Form B1, imene imafotokoza nyumbayo: makoma, denga, zipinda ndi mawindo a kumaso. Nambala ya nyumba pa kalembera anangoipereka wowerengayo poyenda, siigwirizana ndi nambala iliyonse ya pa mapu. Zaka za anthu zikhululukireni. Penshoni ya okalamba a zaka 70 inayamba mu January 1909, ndipo pachifukwa ichi si zachilendo kuona mayi wa zaka 55 mu 1901 ali ndi zaka 72 mu 1911.

Mukafuna kuima pa munda weniweniwo, zida ndi ziwiri, ndipo zimagwira ntchito limodzi. Choyamba ndi Griffith's Valuation, kuyeza malo ndi nyumba kwa dziko lonse kumene Richard Griffith anatsogolera, kosindikizidwa pakati pa 1847 ndi 1864. Kanasanjidwa motsata county, barony, civil parish ndi townland, ndipo apa mpamene mzere uja munalemba pamwamba pa kope ukugwira ntchito. Pa munthu aliyense pali nambala ya malo, dzina la wokhalapo, dzina la amene anamubwereka malowo, kukula kwake ndi mtengo wowerengera msonkho. Kukulako kuli m'magawo atatu, A, R ndi P: ekala imodzi ndi ma rood 4, rood imodzi ndi ma perch 40. Nambala imaimira munda, kalembo kakang'ono monga a, b, c kamaimira nyumba za pamundapo, ndipo kawirikawiri a ndi ya mlimi mwini pamene b ndi c ndi za aganyu ake. Zilembo zazikulu zimasonyeza kuti munthu mmodzi anali ndi zigawo zingapo zotalikirana. Amuna awiri a dzina limodzi akapezeka mu townland imodzi, oyezawo ankawonjeza dzina la bambo kapena la ntchito pambali, ndipo limenelo ndi mphatso yaikulu kwa wofufuza. Mndandandawu umatchula mutu wa banja wokha. Mkazi ndi ana mulibe.

Zonsezi zili pa askaboutireland.ie limodzi ndi mapu a mizere yofiira. Koma mapu amene ali pamenepo ambiri ndi okonzedwanso patapita zaka, choncho nambala 12 ya m'buku siingakhale nthawi zonse 12 ya pa mapu. Tsimikizani ndi maekala: ngati buku likuti maekala 9 koma malo a pa mapu akuoneka aakulu katatu, nambala zinasintha. Kusinthako kumatsatidwa m'mabuku a Valuation Office, ofesi yoyeza mtengo wa malo, mmene dzina lakale linkadulidwa ndi inki ya mtundu wina, latsopano n'kulembedwa pamwamba, chaka chili m'mphepete. Pamenepo mumaona chaka chimene munda unachoka kwa bambo kupita kwa mkazi wamasiye kapena mwana. A kumpoto ali pa intaneti ku PRONI, a kummwera ali ku Dublin. Wofuna kubwerera m'mbuyo kupyola apo aone Tithe Applotment Books a 1823 mpaka 1837, koma asamale muyezo: ambiri anagwiritsa ekala ya chi Irish, imene ndi maekala 1.62 a masiku onse. Munda wa maekala 10 mmenemo udzaoneka ngati wa maekala 16 kwa Griffith, pamene sunakule ngakhale phazi limodzi.

Chida chachiwiri ndi mapu a Ordnance Survey. Ntchito yoyeza inayamba mu 1824 motsogozedwa ndi Thomas Colby, ndipo mapepala omaliza anatuluka mu 1846. Muyezo wake ndi mainchesi 6 pa mailosi imodzi, kapena kuti 1:10,560. Pa pepala losindikizidwa sentimita imodzi ndi mamita pafupifupi 106. County iliyonse ili ndi manambala akeake a mapepala, choncho nambala yopanda dzina la county ilibe ntchito. Pa mapuwa dzina la townland limalembedwa pakati limodzi ndi maekala ake, ndipo malire amaoneka ndi timadontho. Pakalembedwa Church pokha, ndi tchalitchi cha Church of Ireland. Cha Akatolika chimalembedwa R.C. Chapel, cha a Presbyterian nthawi zambiri Meeting House. Ambiri asokera pamenepa. Mapepala oyambirira a kumpoto sanaonetse mipanda ya minda, inawonjezedwa pambuyo. Kwa agogo obadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, mapu abwino ndi a mainchesi 25, a 1888 mpaka 1913, amene amaonetsa nyumba iliyonse, chitsime ndi kanjira. A ma county 26 a dziko la Ireland onse awiri ali pa intaneti pa GeoHive, pamene mungasanjike mapu akale pamwamba pa chithunzi cha lero. Amalemera pa foni ndipo amadya bandulo. Ndi bwino kupeza kompyuta, kujambula mbali imene mukufuna n'kuisunga. Pa sikirini musayeze ndi rula, gwiritsani kamzere ka muyezo kali pansi. Mukapeza nyumba, onani tchalitchi, manda ndi sukulu zapafupi poyenda pansi, poganizira mtsinje ndi phiri zotchinga. Nthawi zina tchalitchi chapafupi chimakhala cha parishi ina, ndipo banja linkapita komweko.

Mayina ndi malire a county nawonso anasuntha. King's County lero ndi Offaly, Queen's County ndi Laois, Kingstown ndi Dún Laoghaire, Maryborough ndi Portlaoise, Queenstown ndi Cobh. Lamulo la maboma aang'ono la 1898 linachotsa Ballaghaderreen ku Mayo kupita ku Roscommon, moti munthu wobadwira kumeneko mu 1885 ankanena zoona akati ndi wa ku Mayo, koma pa kalembera wa 1901 banja lake mulipeza ku Roscommon. Ndipo mzungu amene ankati anachokera ku Queenstown, ku Belfast kapena ku Dublin mwina ankangotchula doko limene anakwerera sitima.

Mbali yovuta kwambiri, kunena zoona, si ya ku Ireland. Ndi ya kuno, yolumikiza mzunguyo ndi mwana amene anabereka, ndipo matenda ake ndi omwewo a malire. Nkhotakota m'mapepala akale ndi Kota Kota, ndipo m'zaka zoyambirira za atsamunda bomalo linkatchedwa Marimba. Ntchisi inali mbali ya Kota Kota. Salima inali pansi pa Dowa, choncho wofufuza ku Zomba akapempha mafayilo a Salima a m'ma 1920 sapeza zimene akufuna. Apemphe a Dowa ndi Domira Bay. Mayina a mafumu amabwerezanso: Makanjira alipo ku Salima, aliponso ku Mangochi, ndipo Mwanza ndi mfumu yaikulu kuno pamene kummwera ndi boma. Midzi imatenga dzina la nyakwawa n'kusamuka nalo, makamaka kumene anthu anasunthidwa chifukwa cha minda ya nzimbe ku Dwangwa kapena nkhalango yosungira nyama. Mukafunsa akuluakulu, afunseni mtsinje umene ankatunga madzi nthawiyo, kaya ndi Bua, Kaombe, Lingadzi, Linthipe kapena Lifidzi, chifukwa mtsinje susamuka ndi mudzi. Mapu a 1:50,000 a ku Department of Surveys ku Lilongwe, amene masentimita 2 ndi kilomita imodzi, amathandiza kuika mudziwo pamalo pake.

Ana ambiri a azungu sanalowe m'kaundula wa boma, ndipo chotsala ndi buku la ubatizo kapena la sukulu ya mishoni. Parishi imene mukupemphera lero mwina nthawiyo inali nthambi chabe. Wansembe kapena m'busa ankabwera paulendo, kubatiza, n'kukalemba m'buku la kumishoni kumene anachokera. Kwa Angilikani yambani ndi All Saints ku Nkhotakota, kumene amishoni a UMCA anakhazikika mu 1894. Kwa Akatolika a kummwera kwa Salima musaiwale Mua, imene inatsegulidwa mu 1902, ndipo kumbukirani kuti mbali ina ya boma lino ili mu dayosizi ya Dedza pamene ina ili mu Lilongwe. Kwa a CCAP funsani Mvera, mishoni ya 1889, ndi ku Nkhoma. Mwanayo mufufuzeni pa dzina la mayi ndi la mudzi, chifukwa pamalo pa bambo kawirikawiri pankasiyidwa popanda kanthu. Mabanja achisilamu, omwe ndi ambiri m'maboma awiriwa, alibe buku la ubatizo, choncho adalire kaundula wa sukulu, makalata a m'nyumba ndi umboni wa akuluakulu, wolembedwa pamaso pa mfumu iwo adakali moyo.

Pempho lathu likupita kwa abambo mfumu, abusa ndi alembi a mipingo ya ku Salima ndi Nkhotakota. Pa tsamba loyamba la buku lililonse la ubatizo ndi ukwati lembanipo chaka chimene likuyambira ndi kuthera, nthambi ndi midzi imene inali pansi pa mishoniyo m'zaka zimenezo, ndiponso chaka chimene nthambi iliyonse inaima payokha ndi kumene mabuku ake akale anatsala. Mabuku amene chiswe ndi chinyezi cha kunyanja zayamba kudya ajambulidwe tsamba ndi tsamba, masana pamthunzi, ndipo zithunzizo zisungidwe m'malo awiri, kuparishi ndi kulikulu la dayosizi kapena sinodi.

Ndife owerenga anu ofufuza mbiri za mabanja,
Salima